Kuchokera ku Khondowe Kufika ku Makata: Mbiri ya Mmisiri wa M'fakitale

Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene anajambula pulani yake, mbusa David Clement Scott, sanapiteko kusukulu ya zomangamanga, ndipo amene anaumba njerwa, kuziwotcha ndi kuzisanja anali anthu a m'midzi yozungulira, oti chinyumba chotero anali asanachionepo. Chaima zaka zoposa 130. Ndikamamva akuluakulu pa wailesi akunena kuti dziko lino lasauka chifukwa Amalawi alibe luso la manja, ndimafuna nditawagwira dzanja n'kukawaimika pakhomo pa tchalitchicho. Ine ndagwira ntchito yokonza ndi kusula zitsulo za makina m'fakitale kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi mbuu, ndipo ndikunena mosaphethira kuti luso silinasowepo kuno. Chimene chakhala chikusowa, kupatula nyengo imodzi yaifupi, ndi khomo loti mmisiri akalowepo akamaliza maphunziro.

Ngakhale azungu asanabwere amisiri analipo. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo, akusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, ndiponso akuwomba nsalu ndi thonje lolima okha. Kumpoto Aphoka ankatchuka ndi makasu awo. Mwana ankaphunzira pokhala pambali pa malume ake, kupopa mvukuto mpaka tsiku lomulola kugwira nyundo. Umisiri umenewu unafa pang'onopang'ono pamene sitolo za Mandala ndi za amwenye zinayamba kugulitsa makasu ndi nsalu zochokera kunja. Kamenekatu kanali koyamba kuti katundu wakunja alande mmisiri wa kuno chakudya pakamwa.

Sukulu ya ntchito zamanja monga tikuidziwira lero inabwera ndi amishoni. Mu 1894 Dr Robert Laws anakhazikitsa Overtoun Institution pa phiri la Khondowe, ku Livingstonia. Pambali pa aphunzitsi, abusa ndi othandiza m'chipatala, sukuluyi inkaphunzitsa ukalipentala, kumanga, kusema miyala, kusindikiza mabuku, kutumiza matelegalamu ndi kuyendetsa makina. Wophunzira ankasaina pangano la zaka zingapo, osati kungobwera miyezi itatu n'kulandira pepala. Pofika 1905 ku Livingstonia kunali magetsi opukusidwa ndi madzi, pamene matauni ambiri a mu Africa ankaunikirabe nyali. Kummwera Joseph Booth anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi mu 1892, ndipo John Chilembwe atabwerako ku America anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mu 1900. Onsewa ankakhulupirira kuti munthu wakuda adzaima payekha akadziwa ntchito.

Koma mnyamata akatsika phiri la Khondowe ndi ranga, sowo ndi kalata ya Dr Laws m'thumba, ankapita kuti? Nyasaland linali dziko la minda ya fodya, tiyi ndi thonje. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yokonza fodya ku Limbe. Ntchito za amisiri zinalipo ku njanji, ku sitima za panyanja, ku nthambi ya boma yomanga misewu ndi nyumba, ndi m'maesiteti, koma zinali zowerengeka, ndipo maudindo apamwamba ankakhala a azungu ndi amwenye. Choncho amisiri athu anatenga njira ya kumigodi ya ku Southern Rhodesia, ku Joni, ku Katanga, ndipo kenaka ku Copperbelt. Kumeneko Anyasa ankadziwika kuti ndiwo akalaliki, akapitawo ndi amisiri odalirika. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anaphunzira ku Livingstonia konko. Ambiri sanabwerere, anasanduka matchona. Tinkasula amisiri, eni mafakitale a maiko ena n'kumakolola.

Nthawi ya chitaganya, 1953 mpaka 1963, zinthu zinangokhazikika momwemo. Mafakitale ankamangidwa ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ife ntchito yathu inali kutumiza anthu ndi kugula zimene anthu athu omwewo apanga kumeneko. Komabe pamene mpata unapezeka, ngakhale chitaganya chisanayambe, manja a kuno anaonetsa zimene angathe. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, ndipo inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba kuyenda mu 1951.

Nyengo yaifupi ndikunena ija inayamba ndi ufulu wodzilamulira. Mu 1964 boma linakhazikitsa Malawi Development Corporation kuti lizilowa m'mgwirizano ndi makampani akunja n'kumanga mafakitale opanga zinthu zimene tinkaitanitsa. Magetsi a ku Nkula anayaka mu 1966, chaka chomwe fakitale ya shuga ya SUCOMA inayamba ku Nchalo. Mu 1967 David Whitehead and Sons inayamba kuwomba nsalu ku Blantyre, ndipo mu 1968 Carlsberg inatsegula fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark, kuno kwathu. Simenti inkachokera ku miyala ya ku Changalume, makasu ku Agrimal, sopo ndi mafuta ophikira ku Lever Brothers ku Limbe, nsapato ku Bata, mawailesi ku Nzeru. Kampani ya PEW inkamanga mabodi a mabasi ndi malole. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 shuga anayambanso ku Dwangwa, ndipo likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Kanengo anayamba kudzaza.

Makina onsewa ankafuna munthu wowasamala, ndipo kwa nthawi yoyamba sukulu ndi fakitale zinayenda mwendo umodzi. Polytechnic inatsegulidwa mu 1965. Sukulu za amisiri monga Soche, Lilongwe, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia zinkalandira anyamata a JC ndi a MSCE. Ine ndinalowa m'zaka za m'ma 1970, ndipo dongosolo lake linali lotere: maphunziro anali a zaka zinayi, chaka choyamba kusukulu, zotsalazo nthawi yambiri ku kampani imene wasainirana nayo pangano, n'kumabwerera kusukulu teremu imodzi pa chaka. Kampaniyo inkakupatsa ovolosi, jombo ndi kamalipiro. Mayeso a boma a giredi ankayambira Grade 3, kenaka Grade 2, kumalizira Grade 1, ndipo ena ankalembanso a City and Guilds ochokera ku London. Munthu wa Grade 1 pamudzi ankamupatsa mpando.

Ntchito yoyamba imene anatipatsa sindidzaiiwala. Aliyense analandira kachitsulo kokhakhala, fayilo ndi sikweya. Ukamange pa vayisi, ukapale mpaka mbali zonse zikhale zosalala ndi zolunjika. Palibe makina, koma mkono wako basi. Masiku oyamba m'manja munatuluka matuza, matuzawo anaphulika, pamalo pake panamera zikang'a. Ukaganiza kuti wamaliza, mphunzitsi ankatenga kachitsuloko, n'kukagunditsa sikweya, n'kukakwezera kuwindo. Kuwala kukangodutsa pakati, ngakhale kochepa bwanji, ankakubwezera osalankhula kanthu. Nthawi zina ankapaka utoto wabuluu pa tebulo lachitsulo losalala, n'kutsetsereza kachitsulo kako pamenepo. Pamene pagwira utoto ndiye pokwera, upalenso. Tinkadandaula kuti tinabwera kudzaphunzira makina, osati kupala zitsulo. Koma amene anapirira pa vayisi paja ndi amene pambuyo pake ankatha kumva ndi chala kuti shafiti yadyeka, asanatenge n'choyezera chomwe.

Ku fakitale ndiko kunali sukulu yeniyeni. M'mawa wezulo ikalira, msewu wochokera ku Ndirande kutsikira ku Makata unkadzaza anthu, ena pa njinga, ambiri wapansi, kachitini ka nsima kapena mbatata m'manja. A shifiti ya usiku akutuluka maso ali psuu, a m'mawa akulowa. Ine anandipereka kwa bambo wina wachikulire amene anaphunzira ntchito ku Bulawayo. Sankadziwa Chingerezi chambiri, koma ankati akagunditsa sikuludiraiva pa makina n'kuika khutu kuchigwiriro, ankakuuza beringi imene yatsala pang'ono kufa. Tsiku lina giya ya makina aakulu inathyoka mano. Kuitanitsa ina kunja kukanatenga miyezi, anthu ambirimbiri akanakhala pakhomo opanda malipiro. Bamboyo anayeza giya yothyokayo, anawerengera pa chikatoni ndi pensulo imene inkakhala kukhutu kwake, ndipo tinachezera usiku pa makina osema zitsulo. Kutacha makina aja anali akuyenda. Bwana wachizungu anabwera, anayang'ana, n'kungogwedeza mutu.

“Mwana wanga,” anandiuza bamboyo tikusamba m'manja ndi palafini, “pepala lako lija ndi lolowera pageti. M'kati muno amafunsa manja.”

Ndisanamizire kuti nthawi imeneyo zonse zinali bwino. Malipiro anali ochepa, ndipo mabungwe a anthu apantchito anali omangidwa pakamwa. Wodandaula mokweza ankatha kuonedwa ngati woukira boma. Malo m'sukulu za amisiri anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi achinyamata a dziko lonse, ndipo mtsikana wovala ovolosi tinkachita kumuloza. Mafakitale ambiri ankakhalira kutetezedwa ndi msonkho wokwera pa katundu wakunja, ndipo ena ankangolumikiza zipangizo zopangidwa kwina. Anthu zikwizikwi ankapitabe kumigodi kudzera ku Wenela mpaka ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo kwa kanthawi. A Malawi Young Pioneers nawo ankaphunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja m'mabesi awo monga Nasawa, koma mbiri yawo yoipa inaphimba zabwinozo. Ngakhale zinali choncho, chinthu chimodzi chinali choona: wolowa sukulu ya amisiri ankadziwa geti limene akalowe akamaliza.

Kugwa kunayamba mwakachetechete. Kuyambira 1981 boma linalowa m'mapangano a ngongole ndi World Bank ndi IMF ofuna kuti msika utseguke. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu n'kumazungulira ku Durban ndi Dar es Salaam pa mtengo wowawa. Mu 1994 kwacha anaisiya kuti iziyenda yokha pamsika ndipo inagwa kwambiri, chiwongoladzanja kubanki chinakwera, zipangizo zoitanitsa kunja zinadula. Malire atatseguka kunalowa katundu wa ku South Africa ndi ku Zimbabwe, kenaka wa ku China. Kunalowanso kaunjika. Sindinyoza mayi wogula malaya a mwana pa kaunjika, inenso ndavala, koma belo iliyonse yotsika pa Limbe inkachotsa munthu pa makina owomba nsalu ndi telala pakhonde la sitolo. Lamulo logulitsa makampani a boma linadza mu 1996. David Whitehead, imene pachimake inkalemba anthu zikwi zingapo ndi kugula thonje la alimi a ku Chikwawa, Balaka ndi Salima, inagulitsidwa mu 2003 itafooka kale. Ku Changalume anasiya kukumba. Wailesi ya Nzeru inatsala m'nkhani za agogo. Nyumba zambiri zimene munkalira makina zinasanduka mosungira katundu wochokera kunja, zina matchalitchi.

Fakitale imene ndinkagwirako inatiitana tsiku lina m'kantini n'kutiwerengera maina. Amene ankapita koyamba anali ophunzira ntchito, chifukwa kampani yoti ikumira siisunga mwana wodzathandiza mawa. Apa ndi pamene chingwe chomanga sukulu ndi fakitale chinadukira. Anzanga ena anapita ku Botswana ndi ku Joni, ena anatsegula timagalaja pansi pa mitengo, ena anabwerera kumudzi kukagwira khasu, Grade 1 ili m'sutikesi.

Mu 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti uthandize maphunzirowa. Sukulu zazikulu zodalira boma zilipo zisanu ndi ziwiri: Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima, Mzuzu, Namitete ndi Livingstonia. Kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma, kuti mwana wa ku Ngara kapena kwina kulikonse asachite kupita kutauni. Atsikana tsopano akuwotcherera zitsulo ndi kulumikiza magetsi, ndipo ena mwa amene ndawaona amaposa anyamata kusamala. Zonsezi ndi zabwino ndipo ndimaziyamikira. Koma taonani kusintha kwa chilankhulo. Kale ankatiuza kuti phunzira, kampani ikukudikira. Lero mwana amauzidwa kuti phunzira ukadzilembe wekha ntchito. Mawuwa amamveka okoma pa mwambo wopereka masatifiketi, koma kunena zoona ndi kuvomereza kuti geti lija kulibe. Kuchulukitsa makoleji mafakitale akutsekedwa kuli ngati kufesa nazale yaikulu ya fodya ulibe munda wokawokeramo.

Pitani mukaone kumene ambiri amathera. M'mbali mwa msewu ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mchesi kapena ku Kawale mupeza mnyamata atagwada pa dothi, akuwotcherera felemu ya chitseko. Makina ake ndi opanga yekha: mawaya okulungiza pa zitsulo, atamangidwa ndi malamba a tayala, ali m'kabokosi ka matabwa. Kumaso wavala magalasi akuda a pamsika m'malo mwa chigoba choteteza, usiku maso amamuwawa ngati mwalowa mchenga. Amapanga mafelemu, mageti, mbaula, mawilibala, ngolo, ngakhale zigayo ndi makina opukusira chimanga. Magetsi akathima, ntchito yaima, amakhala pa benchi kudikira. Kasitomala amapereka theka, theka linalo n'kumazengereza mpaka chaka. Mnyamata ameneyu si waulesi ndipo si mbuli. Wina mwa iwo anandionetsa satifiketi yake atayikuta bwinobwino m'pulasitiki, n'kundifunsa ngati ndikudziwa bwana aliyense ku Kanengo. Wopanga yekha makina owotcherera ndi zinyalala akanapatsidwa makina enieni akanapanga zotani?

Sikuti ntchito za m'fakitale zinatheratu. Shuga ku Nchalo, Dwangwa ndi Salima, tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, fodya ku Kanengo ndi Limbe, simenti ku Kasungu ndi Mangochi, matabwa ku Chikangawa, zakumwa, mafuta ophikira, mapulasitiki ndi zakudya za ziweto, zonsezi zimafuna amisiri. Mmene ndaonera ine, amene savutika kwenikweni kupeza ntchito ndi wamagetsi wodziwa mamota ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, wokonza makina wodziwa kuwerenga pulani ndi kuyeza molondola, wowotcherera mapaipi ndi maboila, ndiponso wa mafiriji akuluakulu. Amene amachuluka mpaka kupondana ndi a ntchito zosafuna zipangizo zodula pophunzitsa. Chodabwitsa n'chakuti mabwana amadandaula kuti akusowa amisiri, pamene amisiri akudandaula kuti akusowa ntchito, ndipo onse akunena zoona. Mwana amamaliza sukulu ataphunzira pa makina a m'nthawi yanga, kapena atangowaona pa bolodi chifukwa zitsulo zoyeserera kunalibe. Malo okaphunzirira ntchito ku kampani amachita kupempha khomo ndi khomo, ndipo akawapeza nthawi zina amangomutuma kusesa ndi kugula mandasi. Pakabwera ntchito yaikulu yomanga fakitale, kontilakita amabwera ndi amisiri ake ochokera kunja, athu n'kumanyamula matumba a simenti.

Nawonso eni mafakitale ali ndi mitolo yawo. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo fakitale yoyendera jenereta singapikisane ndi ya ku Johannesburg. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja zogulira zipangizo zimachita kulimbirana. Munthu wa mpamba akawerengera, amaona kuti kuitanitsa kontena ya katundu wopangidwa kale n'kosavuta kuposa kulemba amisiri makumi asanu. Motero mabasi a ku Joni akudzazabe ndi anyamata odziwa kuwotcherera, kumanga ndi kukonza magalimoto, njira yomwe ija anadzera ophunzira a Dr Laws, kungoti lero ambiri amapita opanda mapepala ndipo amagwira ntchito mtima uli m'mwamba.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, anaika mafakitale pakati pa nsanamira zitatu za chitukuko. Ndinakondwa kumva zimenezo, koma mapepala okoma tawaonapo ambiri. Kwa amene ali ndi mphamvu ndikupempha zinthu zooneka ndi maso. Ndalama za msonkho wa maphunziro zija zibwerere mowonekera kwa kampani iliyonse imene yatenga wophunzira n'kumuika pambali pa mmisiri wamkulu kwa zaka, osati masabata. Madesiki a sukulu, mabedi a zipatala, mayunifolomu a apolisi ndi asilikali, boma ligule opangidwa kuno, ndipo lizilipira msanga. Kontilakita wakunja asapatsidwe ntchito popanda kulemba ndi kuphunzitsa amisiri athu. Ndipo amisiri akale amene tatsala, mutigwiritse ntchito tisanapite kuli chete, chifukwa zimene ankadziwa bambo wa ku Bulawayo uja sizinalembedwe m'buku lililonse.

Kwa inu makolo, mwana akafuna sukulu ya ntchito zamanja musamuletse, ndipo musamuone ngati wolephera. Koma musanalipire fizi, pitani nokha mukaone ngati m'chipinda chophunzirira muli makina oyenda, ndipo mufunse aphunzitsi kuti ana amene anamaliza chaka chatha ali kuti.